Mawu odzipekera m'chimangirizo chofunsira malo ku koleji: alowe kapena atsale?

Chaka chilichonse pa 1 Ogasiti fomu ya Common App, fomu imodzi ya pa intaneti yofunsira malo m'makoleji ambiri nthawi imodzi, imatsegulidwa, ndipo achinyamata oposa miliyoni imodzi ofuna malo m'makoleji a ku America amayamba kulimbana ndi bokosi limodzi lopanda kanthu. M'bokosimo muyenera kulowa chimangirizo cha mawu osachepera 250 komanso osapitirira 650, chonena za wolembayo. Magiredi ali pa tsamba lake, makalata a aphunzitsi amabwera padera. Apa pokha ndi pamene mwana amayankhula ndi pakamwa pake. Ndiyeno walemba chiganizo chimene chamusangalatsa, koma kompyuta yadula mzere wofiira kunsi kwa liwu limodzi. Sanaphonye kalembedwe ayi. Liwulo mu dikishonale mulibe. Mwina analipeka yekha, mwina ndi la kunyumba kwawo, mwina analitola pa TikTok. Alisiye kapena alichotse?

Lamulo loletsa palibe. Common App, imene inayamba mu 1975 ndi makoleji 15 ndipo lero ikutumikira masukulu oposa 1,000, imangotchula kuchuluka kwa mawu n'kupereka mitu 7 yosankhapo, womaliza wake ukuti lembani pa mutu uliwonse umene mwakonda. Palibe pamene imati Chingerezi chake chikhale chakutichakuti. Chimangirizochi si cha mayeso choti wina akhale ndi cholembera chofiira n'kumadula malikisi pa liwu lililonse lachilendo, ndipo makoleji ambiri amachita kunena poyera kuti akufuna kumva mwanayo mmene amayankhulira. Komabe chinthu chikapanda kuletsedwa sindiye kuti chikupindulirani. Zimatengera amene adzawerenge, ndipo munthu ameneyu ndi bwino timudziwe.

Ndi munthu wotopa. Mu 2022 Harvard inalandira mafomu oposa 61,000 n'kutenga ophunzira pafupifupi atatu pa 100 alionse. UCLA, nthambi ya University of California ya ku Los Angeles, imalandira mafomu oposa 140,000 pa chaka kuchokera kwa ofuna kuyamba chaka choyamba. Mu 2018 nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba kuti m'masukulu ena otchuka fomu yonse imawerengedwa m'mphindi 8 kapena kucheperapo, potsata njira imene inayambira ku University of Pennsylvania yoti anthu awiri amakhala pamodzi n'kugawana fomuyo. M'mphindi zimenezo muli magiredi, makalata, zochita za kunja kwa kalasi, ndi chimangirizo chomwe. Wowerenga wotere akakumana ndi liwu losalidziwa satsegula Google. Amalilumpha, kapena amangoti mwanayu waphonya apa. Komanso simudziwa kuti fomu yanu igwera m'manja mwa ndani. Akhoza kukhala mtsikana amene wamaliza digiri chaka chatha, amene chiyankhulo cha pa intaneti ndi chakenso. Akhozanso kukhala mphunzitsi wopuma pantchito amene walembedwa ganyu ya miyezi ingapo yowerenga mafomu.

Mawu amene timawaunjika pamodzi kuti ndi opeka sali a mtundu umodzi, ndipo ndimaona kuti mkangano wambiri pa nkhaniyi umabuka chifukwa wina akunena za mtundu uwu, mnzake akuyankha za mtundu wina.

Ochuluka kwambiri ndi otola pa intaneti, monga rizz, delulu (wodzinamiza ndi maloto osatheka) ndi skibidi (liwu lanthabwala lopanda tanthauzo lokhazikika). Rizz ndi luso lokopa munthu amene wamusirira. Liwuli linafala kudzera mwa Kai Cenat, amene amaulutsa makanema pa Twitch, ndipo linakula mpaka Oxford University Press inalisankha kukhala liwu la chaka cha 2023. Merriam-Webster inali italilowetsa kale mu dikishonale yake mu Seputembala chaka chomwecho. Mu 2025 Cambridge Dictionary nayo inalandira skibidi ndi delulu. Ndiye wophunzira akhoza kutsutsa kuti liwulitu lili mu dikishonale, ndipo sakunama. Kungoti ntchito ya dikishonale ndi kulemba zimene anthu akunena, si kupereka chiphaso choti liwu lilowe paliponse. N'chifukwa chake pambali pa mawu otere pamakhala kachizindikiro kosonyeza kuti ndi apamacheza.

Koma kwa ine vuto lalikulu la mawu amenewa silili pa ulemu. Vuto ndi loti si anu. Chimangirizo chilipo kuti chikusiyanitseni ndi anzanu 60,000 aja, ndiye liwu limene mamiliyoni a msinkhu wanu akulinena tsiku lomwelo lingauze wowerenga chiyani? Kuti muli ndi zaka 17 ndipo muli ndi foni. Zimenezo amadziwa kale. Komanso mawuwa sachedwa kusukuluka. Chimangirizo chimalembedwa mu Ogasiti, n'kutumizidwa mu Novembala kapena kumayambiriro kwa Januwale, mwina n'kuwerengedwa mu Febuluwale. Pa intaneti miyezi isanu ndi umodzi ndi nthawi yokwanira kuti liwu likhale lochititsa manyazi. Mu 2014 aliyense ankati on fleek pofuna kunena kuti chinthu chili bwino zedi. Lero amene angalinene akusekedwa. Pamene mawu otere amakhala bwino ndi m'kamwa mwa munthu wa m'nkhaniyo: mng'ono wanu wa zaka 11 akayankhula m'chimangirizomo, ayankhule ngati mwana wa zaka 11, osati ngati loya.

Mtundu wachiwiri ndi umene ndimaukonda, ndipo ndi umene alangizi ena a ophunzira amaupha posafuna kuika mwana pa chiopsezo. Awa ndi mawu obadwira m'nyumba, m'gulu la abwenzi, kapena m'mutu mwa wolembayo. Tiyerekeze mnyamata amene akufuna kuphunzira uinjiniya. Bambo ake ndi munthu woti chinthu chikawonongeka sagula chatsopano. Chitseko cha firiji anachimanga ndi lamba wakale wa thalauza, galasi la m'mbali mwa galimoto analimata ndi tepi zaka zinayi zapitazo ndipo likadali pomwepo. Ana a m'nyumbamo anaipatsa dzina ntchito imeneyi: dadgineering, kulumikiza dad, kutanthauza bambo, ndi engineering, uinjiniya. Mnyamatayu akatsegula chimangirizo chake ndi lamba wa pa firiji uja, n'kuponya liwuli m'chiganizo chachiwiri, wowerenga safunsa tanthauzo. Zidutswa zake ziwiri akuzidziwa, chithunzi wachiona kale, mwinanso wamwetulira. Pofika ndime yachinayi mnyamatayo akusimba za tsiku limene anamasula yekha pampu ya makina ochapira, n'kuzindikira kuti bambo ake samangomata zinthu mwachisawawa, amayamba ayang'ana kaye pamene chinthucho chikulemedwa. Apa liwu lija latembenuka. Linayamba ngati chipongwe cha ana, tsopano lasanduka ulemu. Komiti ikakhala pansi kukambirana, wina akhoza kungoti "uja wa dadgineering uja", amene anawerenga onse n'kumukumbukira. Pa mulu wa mafomu masauzande, kukumbukiridwa si chinthu chaching'ono.

Tsono tiyerekeze kuti banja lomweli lili ndi liwu lina, tinene kuti flurb, la mtima wolemera umene umagwira munthu Lamlungu madzulo akakumbukira kuti mawa ndi sukulu. Liwuli lilibe zidutswa zooneka. Kuti mlendo alimve, pafunika mawu 40 kapena 50 ofotokoza, ndipo pa mawu 650 mtengo umenewo ndi wokwera. Ngati chimangirizo chonse chakhazikika pa flurb, ngati mwanayo akusimba mmene kupatsa dzina mantha ake kunamuthandizira kuwagonjetsa, mtengowo ndi woyenera kulipira. Koma ngati liwulo likungodutsa kamodzi m'ndime yachitatu osadzabweranso, ndiye wawononga mizere itatu pogula nthabwala imene oseka ake ndi azichemwali ake okha.

Mtundu wachitatu sufuna mawu ambiri. Chingerezi chimalola kukoka liwu lodziwika kale: kuphatikiza -ish kapena -ness kumapeto, kusandutsa dzina kukhala mneni, kulunzanitsa mawu angapo ndi timizere. Dzina la kampani ya Google linasanduka mneni motere, mpaka linalowa m'madikishonale akuluakulu mu 2006. Kwa amene Chingerezi ndi chinenero chake chobadwa nacho, masewera amenewa alibe ngozi kwenikweni. Kwa wophunzira wochokera kunja, amene Chingerezi anachiphunzirira kusukulu, nkhani ndi ina. Wowerenga akaona liwu lopindika sangadziwe msanga ngati ndi dala kapena ndi kuphonya, ndipo ngati m'ndime yomweyo muli kale zolakwika ziwiri zenizeni, aliwerengera pamodzi ndi zolakwikazo. Si chilungamo, koma ndi mmene maso a munthu amagwirira ntchito. Ziganizo zozungulira liwu lopeka ziyenera kukhala zoyera kuti liwulo lioneke kuti linaikidwa mwadala.

Amene amanyansidwa ndi mawu opeka onse amaiwala kuti mawu ambiri aulemu wawo lero anayamba chimodzimodzi. Scientist, liwu lotchulira wasayansi, analipeka ndi William Whewell wa ku Cambridge m'ma 1830, ndipo akatswiri ena a ku Britain analikana kwa zaka zambiri ati ndi lonyansa. Smog linamveka mu 1905, polumikiza smoke ndi fog pofuna kutchula utsi wosakanikirana ndi chifunga umene unkakuta London. OK, amene dziko lonse likumunena lero, anaonekera mu nyuzipepala ina ya ku Boston mu 1839 ngati nthabwala yolemba all correct molakwitsa dala. Mawu ngati scientist ndi smog anakhalitsa chifukwa anatchula chinthu chimene chinalibe dzina lachidule. Muyeso womwewo ungagwire ntchito pa chimangirizo. Ngati pali liwu wamba limene likunena zomwezo ndendende, lopekalo likungodzionetsera.

Pali sukulu ina imene inachita kuitanitsa mawu otere. University of Chicago imadziwika ndi mafunso ake achilendo, ambiri mwa iwo operekedwa ndi ophunzira ake omwe. Mu 2023 funso lina linatchula mawu monga vlog (video ndi blog) ndi labradoodle (galu wobadwa kwa labrador ndi poodle), n'kupempha ofunsira malo kuti apeke liwu lawolawo lolumikiza mawu awiri, afotokozenso chifukwa chake zinthu ziwirizo zikuyenerana. Umenewu ndi umboni wokwanira woti kupeka liwu si tchimo pamaso pa osankha ophunzira. Koma taonani kusiyana kwake. Yankho la funso limenelo limapita ku Chicago kokha, kwa anthu amene analipempha. Chimangirizo chachikulu cha Common App chimatha kupita ku masukulu mpaka 20, ena a chipembedzo, ena a uinjiniya, ena a boma okhala ndi owerenga aganyu ambirimbiri. Nthabwala yoyenera m'chimangirizo chimenechi ndi imene ingamveke kwa onsewo.

Ndinene chinthu chimene makolo ndi aphunzitsi ambiri sachiyembekezera. Liwu limene limawononga zimangirizo zambiri si rizz. Ndi plethora, myriad (onse awiri amangotanthauza zambirimbiri) ndi abale awo, mawu akuluakulu amene mwana amakawatola m'buku la mawu ofanana matanthauzo pofuna kumveka wophunzira. Kompyuta siwadula mzere wofiira, mphunzitsi amawayamikira, koma ndi chikomekome cha nkuyu. Wowerenga amene waona zimangirizo 40 kuyambira m'mawa amamva msanga kuti mwanayu wavala jekete lobwereka. Ndipo chiyambire Novembala 2022, pamene ChatGPT inatuluka, Chingerezi chosalala chopanda chilema chatsika mtengo, poti aliyense akhoza kuchipeza m'masekondi ochepa. Mu 2024 Duke University inalengeza kuti yasiya kupereka malikisi a manambala pa zimangirizo, chifukwa sizikudziwikanso ngati zikuonetsa luso la mwanayo, la makina, kapena la mlangizi wolipidwa. Zimangirizozo akuziwerengabe, koma pofuna kumudziwa munthuyo. Zinthu zikafika potere, liwu ngati dadgineering, lokhala ndi lamba ndi firiji kumbuyo kwake, limakwera mtengo, chifukwa makina sanakhalepo m'khitchini imeneyo. Izi sizikutanthauza kuti muwaze mawu apamacheza m'chimangirizo kuti muoneke munthu. Chinyengo chimenecho nachonso chimaonekera patali.

Pansi pa zonsezi pali funso lovutirapo: amene amagamula kuti liwu ili ndi lapamacheza ndani? Mawu ambiri amene amatchedwa a pa intaneti, monga woke (wogalamuka pa nkhani za tsankho) ndi slay (kuchita chinthu bwino kwambiri), anali m'kamwa mwa anthu akuda a ku America kalekale intaneti isanawatole. Kwa mwana wina mawuwa ndi fashoni ya chaka chino, kwa mnzake ndi chiyankhulo cha agogo ake. Mkangano umenewu si watsopano. Mu 1974 bungwe la aphunzitsi a kalembedwe m'makoleji a ku America, Conference on College Composition and Communication, linavomereza chikalata chonena kuti ophunzira ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chawo, ndipo mpaka lero aphunzitsi sanagwirizane kuti ufuluwo ufike pati. Chimangirizo chofunsira malo nachonso mbiri yake si yoyera. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Jerome Karabel anasonyeza kuti m'ma 1920 Harvard, Yale ndi Princeton zinayamba kuyeza "khalidwe" la ofunsira malo, kuwonjezera pa mayeso, makamaka pofuna kuchepetsa chiwerengero cha Ayuda. Ndipo mu 2021 ofufuza a ku Stanford, atasanthula zimangirizo 240,000 za anthu 60,000 amene anafunsira malo ku University of California, anapeza kuti zimene mwana amalemba ndi mmene amazilembera zimayenderana kwambiri ndi chuma cha banja lake kuposa mmene malikisi a mayeso a SAT amachitira. Choncho tikamauza mwana kuti alembe bwinobwino, tizidziwa kuti "bwinobwino" ameneyu ali ndi nyumba imene anakulira.

Pa 29 Juni 2023 Khoti Lalikulu la ku America linaletsa makoleji kusankha ophunzira poyang'ana mtundu wawo, pa mlandu wa Students for Fair Admissions ndi Harvard. Koma John Roberts, mkulu wa oweruza, analemba kuti palibe choletsa sukulu kumvetsera wofunsira malo akamafotokoza mmene mtundu wake wakhudzira moyo wake. Chigamulochi chinasiya chimangirizo kukhala malo amene mwana anganene za kumene akuchokera, ndipo kumene munthu akuchokera kumabwera ndi mawu ake. Liwu la m'chinenero cha makolo, la m'dera, kapena la m'chipembedzo si lopeka, koma kwa wowerenga ndi lachilendo chimodzimodzi, ndipo limasamalidwa mofanana: liikidwe pamalo poti ziganizo zoyandikana nazo zilimasulire zokha. Kulichotsa n'kuikapo liwu la Chingerezi losalala nthawi zambiri kumachotsanso chifukwa chimene nkhaniyo inalembedwera.

Zonsezi ndi za Common App. Mukawoloka nyanja kupita ku Britain, kwa eni kulibe mkuwe. Kumeneko ofunsira malo amadzera ku UCAS, bungwe limene limalandira mafomu a mayunivesite, ndipo malire ake amawerengedwa ndi zilembo 4,000, osati mawu. Kuyambira kwa amene akulowa mu 2026, zilembo zimenezo zagawidwa pa mafunso atatu: chifukwa chimene mukufunira phunzirolo, mmene maphunziro anu akukonzekeretserani, ndi zina zimene mwachita kunja kwa sukulu. Chikalata chimodzi chomwecho chimapita ku zisankho zanu zonse, zosapitirira zisanu, ndipo m'mayunivesite ambiri amene amachiwerenga akufuna kudziwa ngati mungathe phunziro limene mwasankha. Mphunzitsi wa kemisitiri ku Oxford sakufunafuna nkhani ya firiji, akufuna kudziwa zimene mwawerenga ndi zimene mwaganizapo. Liwu lopeka kumeneko limangodya zilembo. Ngakhale ku America komweko, University of California ili ndi fomu yakeyake ya mafunso 8, mwana amayankha anayi, lililonse mawu osapitirira 350, ndipo imafuna mayankho olunjika ngati a munthu amene akufunsidwa pamasom'pamaso. Pa chikalata chofunsira digiri yachiwiri kapena ya udokotala, musayese n'komwe.

Tisakulitsenso nkhani kuposa msinkhu wake. Kafukufuku wa bungwe la alangizi ndi osankha ophunzira la NACAC wakhala akusonyeza kuti chimene makoleji amachiika patsogolo ndi magiredi ndi kulimba kwa maphunziro amene mwana anatenga. Makoleji osakwana 25 pa 100 alionse ndi amene amati chimangirizo ndi chofunika kwambiri, ndipo chimawerengeredwa kwambiri m'makoleji aja ovuta kulowa, kumene pafupifupi aliyense wofunsira ali ndi magiredi apamwamba. Sindikhulupirira kuti alipo amene anamanidwa malo chifukwa cha liwu limodzi. Chimene liwu lingachite ndi kukhotetsa pang'ono mtima wa wowerenga, kumbali yabwino kapena yoipa.

Ngati mwaganiza zoti liwu lotere likhalebe m'chimangirizo, limodzi ndi lokwanira, awiri ndi malire. Lilowe msanga, pafupi ndi chithunzi chimene chikulimasulira, ndipo libwerenso patsogolo kuti lioneke kuti linali ndi ntchito. Musalitsekere m'mitengero paliponse pamene laonekera, ngati mukupepesa, ndipo musaliperekeze ndi chiganizo choti monga achinyamata amanenera masiku ano. Kulilemba ndi zilembo zopendekera ulendo woyamba wokha n'kokwanira. Mukamaliza, chimangirizocho musachipereke kwa mnzanu wa m'kalasi kapena kwa amayi anu, poti iwo liwulo akulidziwa kale. Pezani munthu wachikulire amene sakudziwa banja lanu, mumupatse osafotokoza kanthu, achiwerenge mokweza inu mukumvetsera. Akafika pa liwulo n'kudutsa, kapena kuseka pang'ono, lisiyeni. Akaima n'kubwerera kumayambiriro kwa chiganizo, wowerenga wa mphindi 8 uja adzaimanso pomwepo.

Bokosi la Common App limalola zilembo zopendekera, koma mukakopera chimangirizo kuchokera ku Word kapena Google Docs nthawi zina zimawongoka osadziwa, choncho tsegulani tsamba loonetsa fomu yonse musanatumize, muyang'ane ngati liwu lija lapendekerabe. La UCAS silizilola n'komwe.